Kumene kuli kachisi kuli damu: masiku asanu m'mizinda yakale ya ku Sri Lanka

Chaka ndi chaka alendo ochokera m'maiko osiyanasiyana amakhamukira ku Sri Lanka, chilumba chimene chili kum'mwera kwa dziko la India, kukaona akachisi a chipembedzo cha Chibuda ndi mabwinja a mizinda ya mafumu akale. Ulendo wotchuka kwambiri umatenga masiku asanu, ndipo umazungulira mizinda itatu imene idakhala ngati mafuwa a mbiri ya dzikolo: Anuradhapura, Polonnaruwa ndi Kandy. Ambiri amabwerako ndi zithunzi za ziliza zoyera ndi ziboliboli za Buddha. Koma akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mlimi kapena mlangizi amene angayende ulendowu modekha angaone chinthu china chimene ojambula zithunzi amachipitirira: pambali pa akachisi akuluakuluwo pali madamu, ndipo madamuwo ndiwo adadyetsa anthu amene adaumba njerwa za akachisiwo.

Sri Lanka ndi dziko laling'ono, lochepera ngakhale Malawi, ndipo anthu 7 mwa 10 aliwonse ndi Abuda. Gawo lalikulu la chilumbachi, kumpoto ndi kum'mawa, limalandira mvula yambiri kuyambira Okutobala mpaka Januwale, kenako kuyambira Meyi mpaka Seputembala kumakhala dzuwa ndi mphepo youmitsa nthaka. Chakudya chawo ndi mpunga, mbewu yofuna madzi ambiri. N'chifukwa chake eni dziko akamanena za moyo wa makolo awo amatchulira pamodzi zinthu zinayi: damu, chiliza, mudzi ndi kachisi.

Tsiku loyamba ndi lachiwiri: Anuradhapura

Kuchokera mumzinda wa Colombo, ulendo wa makilomita pafupifupi 200 umafikitsa mlendo ku Anuradhapura, limene lidali likulu la mafumu a mtundu wa Asinhala kwa zaka zoposa 1,000. Pakati pa mzinda wakalewu pali mtengo wa mtundu wa mkuyu wotchedwa Sri Maha Bodhi. Malinga ndi mbiri ya dzikolo, mtengowu udamera kuchokera ku nthambi ya mtengo wa ku India umene Buddha adakhala patsinde pake pamene adapeza kuunikiridwa. Nthambiyo adabwera nayo ndi Sanghamitta, mwana wamkazi wa Mfumu Ashoka ya ku India, zaka zoposa 2,200 zapitazo. Mlongo wake, Mahinda, ndiye adayamba kulalikira Chibuda pachilumbapo, paphiri la Mihintale limene lili pamtunda wa makilomita 13 kuchokera mumzindawu.

Mlendo amavula nsapato ndi chipewa pachipata, amavala zobisa mapewa ndi maondo, ndipo saloledwa kujambulitsa atafulatira chiboliboli cha Buddha. Masana miyala yapansi imatentha ngati chiwaya, kotero odziwa amatenga masokosi. Opembedza amabwera atavala zoyera, maluwa ali m'manja. Alimi nawo ali ndi tsiku lawo pamtengowu: akakolola mpunga wa nyengo yaikulu, amabwera ndi mpunga woyamba kudzaupereka asanayambe kudya okha.

Chapafupi pomwepo pali ziliza zimene eni ake amazitcha dagaba. Izi ndi milu ya njerwa zootcha, yozungulira ngati chulu, yopanda chipinda choti munthu n'kulowamo, opembedza amangoizungulira. Ruwanwelisaya idamangidwa ndi Mfumu Dutugemunu zaka za m'ma 100 Khristu asanabadwe. Jetavanaramaya, ya Mfumu Mahasena, idatalika mamita pafupifupi 120 pamene idali yatsopano, ndipo idali m'gulu la zomangamanga zitalizitali padziko lonse nthawi imeneyo.

Funso limene mlimi angafunse ataima patsinde pa mulu wa njerwa woterowo ndi lakuti: kodi oumba njerwa ndi amonke zikwizikwi ankadya chiyani m'dera la dzuwa chotere? Yankho limapezeka madzulo, mlendo akamayenda pakhoma la damu la Tissa Wewa kapena la Basawakkulama, madamu amene adakumbidwa Khristu asanabadwe ndipo akusungabe madzi mpaka lero. Mawu akuti wewa m'Chisinhala amatanthauza damu. Mzinda utakula, madamuwa adachepa, choncho zaka za m'ma 400 Mfumu Dhatusena idamanga damu la Kala Wewa ndi kukumba ngalande ya makilomita 87, yotchedwa Yoda Ela, yotengera madzi ku Tissa Wewa. M'chigawo chake choyamba ngalandeyi imatsika masentimita pafupifupi 10 okha pa kilomita imodzi, kuti madzi aziyenda mosakokolola dothi. Amisiri akale a pachilumbachi adatulukiranso chimene amachitcha bisokotuwa, chipinda cha miyala chomangidwa m'khoma la damu, chimene chimafooketsa mphamvu ya madzi asanatulukire kuminda kuti khomalo lisagumuke.

Tsiku lachitatu: Polonnaruwa

Cha m'ma 993 ankhondo a ufumu wa Chola ochokera kum'mwera kwa India adagonjetsa Anuradhapura. Mfumu Vijayabahu itawapirikitsa m'chaka cha 1070, idakhazikitsa likulu lake ku Polonnaruwa, makilomita pafupifupi 100 kum'mwera chakum'mawa. Msewu wopita kumeneko umadutsa pafupi ndi damu la Minneriya, lomangidwa ndi Mahasena yemwe uja wa chiliza chachitali. Anthu a m'derali amamukumbukira kwambiri chifukwa cha damuli, moti mpaka lero ena amamulemekeza ngati mulungu wa malowo. M'miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala madzi akaphwera, njovu mazanamazana zimasonkhana m'mphepete mwake kudzadya msipu.

Alendo ambiri amazungulira mabwinja a Polonnaruwa panjinga zobwereka. Malo amene aliyense amafuna kufikako ndi Gal Vihara, kumene ziboliboli zinayi za Buddha zidasemedwa pathanthwe limodzi. Chogona cham'mbali n'chotalika mamita pafupifupi 14. Ntchitoyi idachitika mu ulamuliro wa Parakramabahu, amene adalamulira kuyambira 1153 mpaka 1186. Mfumu yomweyi idalumikiza madamu akale n'kupanga damu limodzi lalikulu, la khoma lotalika makilomita oposa 10, limene adalitcha Parakrama Samudra, kutanthauza nyanja ya Parakrama. Mfundo imene mfumuyi imakumbukiridwa nayo ndi yakuti madzi a mvula sayenera kukafika kunyanja yamchere asanathandizeko munthu.

Ulemererowo sudakhalitse. M'chaka cha 1215 mzindawu udagwa m'manja mwa wankhondo wotchedwa Magha, mafumu adasamukira kum'mwera chakumadzulo, ndipo ngalande zidasowa wozisamala. Nkhalango idameza akachisi ndi madamu omwe. Parakrama Samudra idadzakonzedwanso zaka za m'ma 1900, ndipo lero ikuthiriranso minda ya mpunga.

Kumene basi siiima

Pakati pa mizinda iwiriyi mlendo amaona pawindo timadamu tambirimbiri, tina todzaza ndi maluwa a m'madzi, tina tokhala ndi njati zoweta zikusamba. Basi siiima pamenepo, komatu madamu a m'midziwa, amene ndi oposa 10,000, ndiwo adapulumuka pamene a mafumu adagumuka, chifukwa eni ake adali anthu a m'mudzi momwemo.

Madamuwa adamangidwa motsatizana m'khwawa limodzi. Madzi osefukira padamu lakumtunda, ndiponso otsala m'minda yake, amatsikira m'damu lotsatira, kotero kuti madzi omwewo amagwira ntchito kangapo asanafike kumtsinje. Damu lililonse lili ndi zigawo zake, chilichonse ndi dzina lake. Kumtunda kwa madzi amasiyako mzere wa mitengo, gasgommana, wotchinga mphepo kuti madzi asaume msanga. Pansi pa mitengoyo pamamera udzu wosefa matope. Kumtundako amakumbanso dzenje lokola matope, limene ziweto zimamwapo kuti zisapondereze khoma. Pakati pa khoma ndi minda amasiya malo osalimidwa, kattakaduwa, pamene zomera zimayamwa mchere wa m'madzi odontha pakhomapo usanafike kumpunga. M'midzi ina ankasiya ngakhale kachigawo ka mpunga koti mbalame zizidya.

Chachikulu kuposa zonsezi ndi malamulo a m'mudzi. Nyengo yolima isanayambe, alimi onse amakumana n'kugwirizana za tsiku lotsegulira madzi, mtundu wa mbewu, ndi tsiku lolambula ngalande. Chaka chimene madzi achepa, pali mwambo wotchedwa bethma. M'malo moti a minda yoyandikana ndi damu akolole pamene akumunsi akugona ndi njala, mudzi umasankha chigawo chimodzi chapafupi ndi khoma chimene madziwo angakwanire, n'kuchigawa kwa mabanja onse kwa nyengo imeneyo yokha. Mwini munda amalola mnzake kulima m'munda mwake, ndipo mvula ikabwerera aliyense amabwerera pake. M'chaka cha 2017 bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, FAO, lidaika dongosolo la madamu otsatizanawa pamndandanda wa njira za ulimi zamakolo zofunika padziko lonse.

Tsiku lachinayi: Sigiriya ndi Dambulla

Sigiriya ndi thanthwe lotalika mamita pafupifupi 180 limene lidangoima lokha pakati pa chigwa, ndipo wofuna kufika pamwamba amakwera masitepe pafupifupi 1,200. N'kwanzeru kulawirira dzuwa lisanakule. Mbiri ya malowa ndi yomvetsa chisoni. Kashyapa, mwana wa Dhatusena uja adamanga Kala Wewa, adalanda ufumu wa bambo wake n'kuwakakamiza kuti aulule kumene adabisa chuma. Akuti mkuluyo adapempha kuti apite naye kudamu lake, ndipo atafika adaloza madziwo kuti ndiwo chuma chake chonse. Mwanayo adapsa mtima n'kulamula kuti bambo wake aphedwe. Poopa m'bale wake Moggallana, Kashyapa adamanga nyumba yachifumu pamwamba pa thanthweli, kumene adalamulira kuyambira 477 mpaka 495. Patsinde pake adakonza minda ya maluwa yokhala ndi akasupe otumphuka, ndipo ena mwa iwo amatulutsabe madzi m'nyengo ya mvula. Nyumba ya mwanayo idasanduka bwinja, pamene damu la bambo wake likuthirirabe mpunga.

Madzulo ulendo umafika ku Dambulla, kumene kuli mapanga asanu okhala ndi ziboliboli za Buddha zoposa 150, ndipo madenga ake ndi odzaza ndi zojambula. Mbiri imati Mfumu Valagamba idabisala m'mapangawa itathamangitsidwa pampando zaka za m'ma 100 Khristu asanabadwe, ndipo itabwerera paufumu idawasandutsa kachisi pothokoza. M'phanga lalikulu muli mtsuko wolandira madzi odontha kuchokera kudenga, amene amagwiritsidwa ntchito pamiyambo ya pakachisipo.

Tsiku lachisanu: Kandy

Kuchokera ku Dambulla msewu umakwera mapiri makilomita pafupifupi 70 kukafika ku Kandy, dera lozizira ndi la mvula yambiri. Kumeneko kuli kachisi wa Sri Dalada Maligawa, mmene amasungamo dzino limene Abuda amakhulupirira kuti ndi la Buddha. Mlendo saliona dzinolo. Amangoona kabokosi kagolide pamene chitseko chatsegulidwa, ng'oma zikulira. Kale anthu ankakhulupirira kuti wosunga dzinoli ndiye woyenera ufumu, ndiponso kuti limagwetsa mvula. Mwambo wa Esala Perahera, wochitika mu Julaye kapena Ogasiti, pamene njovu zovekedwa nsalu zimayenda m'misewu pamodzi ndi ovina, umathera pamtsinje wa Mahaweli, pamene amatunga madzi atsopano n'kuwasunga mpaka chaka chotsatira.

Kandy udali ufumu womaliza pachilumbachi, ndipo udagwa m'manja mwa Angerezi m'chaka cha 1815. M'chaka cha 1832 atsamundawo adathetsa rajakariya, lamulo lakale lokakamiza anthu kugwira ntchito za mfumu. Lamulolo lidali ndi nkhanza zake, koma ndilo linkachititsanso kuti aliyense wolima ndi madzi a damu apereke masiku ena okonza khoma ndi ngalande. Litachoka popanda china cholowa m'malo mwake, madamu ambiri a m'midzi adayamba kuwonongeka. M'chaka cha 1856 boma lomwelo lidakhazikitsa lamulo lina lobwezera mphamvu kumisonkhano ya alimi ndi miyambo yawo ya kagawidwe ka madzi.

Zimene mlendo amabwera nazo

Madamu a m'midzi ya ku Sri Lanka sali pamtendere lero. Ambiri akwiririka ndi matope, mizere ya mitengo ija yalimidwa, ndipo njovu zosowa msipu zimalowa m'minda n'kupha anthu, anthunso n'kumazipha. Bungwe lofufuza za madzi la International Water Management Institute, limene likulu lake lili ku Colombo ndipo lili ndi ofesi ku Pretoria yotumikira maiko a kum'mwera kwa Africa, ndi limodzi mwa mabungwe amene akhala akuphunzira za madamuwa.

Kwa alimi ndi alangizi a kuno kwathu, kumenenso mvula imagwa miyezi yochepa n'kusiya chilimwe chachitali, ulendowu uli ndi phunziro losafuna tikiti ya ndege. Kukumba damu ndi ntchito ya chaka chimodzi, koma kulisunga ndi ntchito ya chaka chilichonse. Madzi akatayika saoleka. Mudzi umene walandira damu, kaya kuchokera ku boma kaya ku bungwe, uyenera kukhala pansi khoma lisanaume n'kugwirizana zinthu zitatu: ndani adzachotsa matope ndipo mwezi uti, ndi mitengo iti kumtunda imene nkhwangwa siidzaikhudza, ndipo madzi adzagawidwa bwanji chaka chimene adzachepe.