Chigamba Chosasokedwa Sichitseka Chiboo

Pa 11 Febuluwale 2019, Aleksa Sarai, katswiri wa kampani ya SUSE ndiponso mmodzi wa osamalira pulogalamu yotchedwa runc, analengeza kuti m'pulogalamuyo mwapezeka chiboo chimene mbala zingathe kulowerapo. Anachitulukira anali Adam Iwaniuk ndi Borys Popławski a ku Poland, ndipo chinapatsidwa nambala CVE-2019-5736. Chigamba chake, ndiye kuti kapulogalamu kokonza cholakwikacho, chinatuluka tsiku lomwelo. Sarai ananena kuti njira yolowera pa chiboocho aiulula pakapita masiku 7, pofuna kupatsa makampani nthawi yoti akonze makina ao. Koma masikuwo asanakwane, anthu ena anali ataifalitsa kale njirayo pa intaneti.

Kuti owerenga amvetse kukula kwa nkhawa imene inagwira makampani sabata imeneyo, nkoyenera kuyamba ndi kufotokoza za kontena. Dzinali linabwerekedwa ku mabokosi achitsulo onyamulira katundu pa sitima ndi pa malole. M'makompyuta, kontena ndi phukusi limene muli pulogalamu pamodzi ndi zonse zimene pulogalamuyo imafuna kuti igwire ntchito, kotero kuti ingasamutsidwe kuchoka pa makina ena kupita pa ena popanda chovuta. Njira imeneyi inatchuka ndi kubwera kwa Docker mu 2013. Mu 2014 kampani ya Google inatulutsa Kubernetes, pulogalamu yoyang'anira makontena ambiri nthawi imodzi, ndipo mu 2015 kampani ya Red Hat inamanga OpenShift 3 pamwamba pa Kubernetes kuti izigulitsa kwa mabanki, maboma ndi makampani akuluakulu.

Makontena a pa kompyuta imodzi akufanana ndi zipinda za lendi za pa mdadada umodzi. Chipinda chilichonse chili ndi khomo lake, koma maziko ndi denga nzimodzi. Ntchito ya runc ndi ya kapitawo wosunga makiyi, amene amatsekula chipinda chatsopano ndi kulowetsamo pulogalamu. Chiboo cha 2019 chinali chakuti kapitawoyu akalowa m'chipinda chimene muli mbala, mbalayo inkatha kufufuta runc weniweni wa pa kompyutayo nkulembapo malamulo ake. Runc akaitanidwanso, chimene chinkadzuka chinali pulogalamu ya mbala ija, tsopano ili ndi mphamvu zonse za mwini makina, zimene akatswiri amazitcha root. Motero munthu wa chipinda chimodzi ankasanduka mwini wa mdadada wonse. Chigambacho chinalamula runc kuti asanalowe m'chipinda azidzikopera kaye, nkutumiza kope lomatidwa limene silingalembedwenso.

Red Hat inanena kuti pa makina ake mlonda wina wotchedwa SELinux, akakhala kuti watsekulidwa mokwanira, amatchinga chiwembu chimenechi. Ngakhale zinali choncho, kampaniyo inatulutsabe chigamba ndi kulangiza makasitomala ake kuti achiike, pakuti mpanda umodzi ukagwa payenera kukhala wina kumbuyo kwake.

Tsono kuika chigamba pa makina a banki si ntchito yongodina batani. Makina otere sagona. Usiku ndi usana pali wina amene akutapa ndalama kapena kulipira katundu. Nchifukwa chake oyang'anira amayamba ayesa chigambacho pa makina oyeserera, kuopa kuti pokonza china angaononge china. Akakhutira, amatenga kompyuta imodzi, nasamutsira makontena ake pa zinzake, naikonza, naibwezera pa ntchito, kenaka napita pa yotsatira. Pamene pali makompyuta ambiri ntchitoyi imadya nthawi, ndipo nthawi yonseyo mbala nazo zikuwerenga chilengezo chomwe chija. Kulengeza chiboo kumachenjeza mwini nyumba, komanso kumalozera wakuba pamene khoma lili lofooka.

Palinso ziboo zina zimene sizikhala pa khoma koma m'kati mwa katundu. Mu Disembala 2021 kunamveka za chiboo cha Log4j, kapulogalamu ka bungwe la Apache Software Foundation kolembera zochitika m'mapulogalamu a chilankhulo cha Java. Pa sikelo yoyezera kuopsa kwa ziboo chinapatsidwa 10, nambala yapamwamba kwambiri. Vuto lalikulu linali lakuti makampani ambiri sankadziwa nkomwe kuti ali nako, chifukwa kanali kobisika m'kati mwa mapulogalamu ena amene iwo anagula kapena kutenga kwaulere. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Apa mpamene makontena amafuna mwambo wao. Kontena iliyonse imaumbidwa kuchokera ku chinthu chotchedwa image, chimene chili ngati chikombole cha njerwa. Munthu akakonza kontena imene ikugwira ntchito nkusiya chikombole, wadzivuta chabe, chifukwa kontena ija ikazima Kubernetes imaumba ina kuchokera ku chikombole chakale, chiboo chili chomwecho. Choyenera nkukonza chikombole, kuumba makontena atsopano ndi kutaya akale onse. Pa nkhani ya Log4j ntchitoyi inabwerezedwa kangapo, pakuti chigamba choyamba cha 2.15.0 chinapezeka chosakwanira, ndipo mwezi womwewo panatuluka 2.16.0 ndi 2.17.0.

Mtengo wa kuzengereza unaoneka poyera pa kampani ya Equifax ya ku America, imene imasunga mbiri ya ngongole za anthu. Nkhani yake sinali ya makontena, koma nthenda yake ndi yomweyi. Chigamba cha pulogalamu ya Apache Struts chinatuluka mu Marichi 2017, koma pa makina ena a kampaniyo sichinaikidwe. Kuyambira mu Meyi mpaka mu Julayi chaka chomwecho mbala zinali kutapa zinsinsi, ndipo anthu pafupifupi 147 miliyoni anakhudzidwa. Mu 2019 kampaniyo inavomera kulipira ndalama zimene zikanatha kufika madola 700 miliyoni. Mankhwala analipo kwa miyezi iwiri yathunthu matenda asanalowe.

Achinyamata amene atsiriza sukulu nalakalaka ntchito ya makompyuta kawirikawiri amaganiza zopanga mapulogalamu atsopano, ndipo palibe cholakwa pamenepo. Koma aphunzitsi ao achita bwino kuwauzanso za ntchito ina yosaimbidwa m'manja: kusunga kaundula wa mapulogalamu onse amene kampani ili nao, kuwerenga zilengezo za ziboo tsiku ndi tsiku, kudziwa chiboo choyenera kuyamba nacho, ndi kubwerera kukatsimikiza kuti chigamba chalowadi pa makina alionse. Wogwira ntchito imeneyi bwino samveka dzina, chifukwa tsoka limene waliletsa silifika m'nyuzipepala. Komabe ndalama ndi zinsinsi za anthu ambiri zimagona m'manja mwake.