Sitima ya pa Luchenza: yotchipa, koma ibwera liti?

Mukatsika minibasi pa Chitakale, pomwe msewu wa ku Phalombe umapatukira kuchoka mu msewu wa ku Muloza, mupeza nanazi, nthochi ndi tomato mbali ino, matemba a ku Chilwa ndi usipa wa ku Mangochi mbali inayo. Zonsezi zafika pa galimoto, pa njinga kapena pamutu. Pa Chitakale palibe njanji. Siteshoni yapafupi ili pa Luchenza, ndipo kwa ageni ambiri a kuno sitima inasanduka nkhani yakale.

Komatu njanjiyi ndi yakale kuposa misewu ya tara yonse ya ku Mulanje. Inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Nsanje, kudzera pa Chiromo ndi Luchenza. Kwa zaka zambiri tiyi wa ku Mulanje ndi Thyolo ankakwerera pa Luchenza. Anthu wamba nawo ankaidalira: wa nthochi za ku Thekerani, wa nsomba za kuchigwa cha Shire, wa nandolo wa ku Khonjeni, onse ankalipira ndalama yochepa kusiyana ndi ya lole.

Chinaisokoneza ndi madzi. Mu 1997 madzi osefukira anakokolola njanji pa Chiromo, ulendo wa ku Bangula ndi Nsanje n'kuduka. Pomwe kampani ya Central East African Railways inkayamba kuyendetsa njanji za dziko lino mu 1999, sitima ya anthu inkathera pa Makhanga, ndipo m'zaka zotsatira inkayenda kamodzi pa sabata. Kenako mu Januwale 2015 madzi anaononganso njanji ya ku Makhanga, sitima ija n'kuima.

Kamodzi pa sabata, tangoganizani. Mlimi wa nanazi amathyola dzulo lake, kulipira wa njinga kapena matola mpaka pa Luchenza, n'kukhala pa siteshoni. Akamva zoti lero sitima kulibe, ndiye kuti adikire masiku asanu ndi awiri. Nanazi adikira? Nthochi idikira? Amangogulitsa pompo motaya, apeze yobwererera kunyumba. Munthu zikamuchitikira kawiri, kachitatu sapitakonso ayi, ngakhale tikiti itatsika bwanji. Walira mvula walira matope, koma matope akachuluka munthu amasintha njira.

Nanga inu a kunyanja zikukukhudzani pati? Njanji yomweyi ikadutsa Limbe imakafika ku Balaka, n'kupitirira mpaka Chipoka ndi Salima, komwe inafika mu 1935. Nthambi ina imapatuka pa Nkaya kudzera ku Liwonde mpaka Nayuchi, ndipo ndi momwe mumadutsanso sitima zazitali za malasha a ku Moatize popita ku doko la Nacala. Njanji ndi imodzi, choncho sitima zimayenera kudikirana pa siteshoni. Ola limodzi lodikira silimuvuta wa mpunga, koma kwa wa chambo chachiwisi ndi ola loti ayezi akusungunuka.

Ndiye musanakweze katundu pa sitima, muyeseni kaye kuti angapirire masiku angati. Mpunga, chimanga, nandolo ndi usipa wouma bwino zikhoza kugona pa siteshoni, bola pakhale pepala lofunditsa mvula ikagwa. Usipa wofutsa umene sunaumitsitse umachita nkhungu m'thumba. Funsani ku siteshoni dzulo lake, makamaka kuyambira Disembala mpaka Malichi pomwe mitsinje imadzaza, ndipo m'thumba musasowe ndalama ya galimoto.

Kwa oyendetsa njanji pempho ndi laling'ono. Sitima ikalephereka, anthu amve msanga pa wayilesi kapena pa foni, asanathyole zipatso, asanamange mitolo. Wa geni wa pa Chitakale angabwerere pa Luchenza mawa lomwe, atangodziwa kuti tsiku lomwe lanenedwa ndi lomwe sitima ibwere.