Galu Akauwa, Amadzuka Ndani?

Alamu ya pakhoma ndi galu basi, ntchito yake n'kuuwa. Ndalama zimene mumapereka ku kampani ya alamu mwezi ndi mwezi n'za munthu wodzuka galuyo akauwa. Ku Britain munthu ameneyu amakhala kutali, m'chipinda chotchedwa Alarm Receiving Centre, maso ali pa kompyuta usiku wonse. Nkhope yake simudzaiona. Nanga mungadziwe bwanji kuti sakuwodzera?

Kwathu mlonda sitimulemba ntchito chifukwa chakuti wafika ndi chibonga ndi chijasi chachikulu. Timafuna kalata ya kwa amfumu, ndipo wochenjera amakafunsa yekha ngati chidindocho n'chenicheni. Ku Britain amfumu a ntchito imeneyi alipo awiri, NSI ndi SSAIB. Mabungwewa amayendera makampani, kuona mmene amaikira zida, komanso ngati chipinda cha alonda chija chikufika pa muyezo wa BS EN 50518: makoma ndi zitseko zovuta kuthyola, magetsi apadera oyaka ena akazima, ndi anthu osachokamo usana ndi usiku.

Chizindikiro chomata pa galimoto ya kampani chisakunyengeni, aliyense angathe kuchisindikiza. Fufuzani dzina la kampaniyo pa webusaiti ya bungwe lenilenilo. Funsaninso kuti alamu ikalira uthenga umafikira kwa yani, pakuti makampani ambiri oika zida amapatsira ena ntchito yolondera. Zili ngati mlonda amene munagwirizana naye, usiku n'kutuma mphwake. Palibe cholakwa, bola mphwakeyo akhalenso ndi kalata yake.

Apolisi nawo ali ndi khalidwe la anthu a m'mudzi. Galu wouwa mwezi, wouwa mphaka, amatopetsa, ndipo tsiku lobwera mbala yeniyeni aliyense amangokokera bulangete kumutu. N'chifukwa chake apolisi amapereka nambala yotchedwa URN, chilolezo chowaitanira, ku alamu yokhayo yoikidwa ndi kampani yovomerezeka. Amafunanso kuti uthenga wa alamu utsimikizike, mwachitsanzo zida ziwiri zosiyana zimve kuyenda kwa munthu, ngati galu wachiwiri wavomera kuuwa kwa mnzake. Ku England ndi ku Wales, alamu ikawaitana pachabe katatu m'miyezi 12 amaleka kuthamangira, mpaka vutolo litakonzedwa.

Pomaliza tulutsani pepala la inshulansi. Makampani ena a inshulansi amalemberatu kuti alamu ikhale ya kampani yovomerezedwa ndi NSI kapena SSAIB, ndipo mawu amenewa anthu ambiri amawawerenga koyamba akuba atanyamula kale TV.