Fyuluta imene dalaivala saiona

Lole yonyamula masamba a tiyi kapena nthochi ikazima pa chitunda cha ku Masambanjati, mlandu umaweruzidwa injini isanazizire n'komwe. Wina amati pampu yatha, wina amati ndi manozo, wina amaloza chala munthu amene anagulitsa dizilo. Koma nthawi zambiri wolakwa amakhala kachitsulo kokwana m'manja, kamene fyuluta ya dizilo imamangidwapo. Amakaniko amakatchula kuti mutu wa fyuluta, ena amati hauzing'i. Kachitsulo kameneka kamakalamba monga chilichonse cha pa galimoto, ndipo pa malole ambiri akale kanaikidwa pamalo pamene dzanja limafika movutikira. Ine ndikuona kuti kusintha mutuwu ukatha, kapena kuusamutsira pamalo poonekera n'kuwonjezerapo chotchera madzi, ndi ndalama yanzeru kuposa zambiri zimene eni malole amawononga pa galimoto zawo, bola ntchitoyo igwiridwe mwadongosolo.

Dizilo akachoka mu thanki amakokedwa ndi kapampu kakang'ono, n'kudutsa mu fyuluta, kenako n'kulowa mu pampu yaikulu imene imamukankhira ku manozo ndi mphamvu yoposa mabaa 100. Pampu za mtundu uwu, zimene kampani ya Robert Bosch inayamba kupanga zambirimbiri mu 1927, zili ndi tizitsulo toyenda mothinana kwambiri, moti mpata wapakati pake ndi mamaikoloni ochepa chabe. Tsitsi limodzi la munthu ndi lokhuthala pafupifupi mamaikoloni 70. Ndiye kuti fumbi limene lingapalepale pampu diso silingalione, ndipo dizilo wooneka woyera mbee m'botolo akhoza kukhala nalo lodzaza. Pampu zozungulira, monga Bosch VE imene ili pa injini zambiri zazing'ono za ku Japan ndi CAV DPA ya pa mathirakitala a Massey Ferguson a injini ya Perkins, zili ndi vuto lina lowonjezera: mkati mwake mulibe oilo, zimafewetsedwa ndi dizilo yemweyo. Madzi akalowamo, zitsulo zimakhulana zouma, ndipo galimoto ikagona masiku angapo dzimbiri limayamba ntchito yake. Pampu yotere sikonzedwa pansi pa mtengo. Imachotsedwa n'kupita nayo ku Limbe kapena ku Blantyre kumene kuli makina oyesera, lole ili chiimire.

Mutu wa fyuluta umatha m'njira zosaoneka, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amasocherera. Pa malole ndi mapikapu a Toyota, Isuzu ndi Mitsubishi, mutuwu nthawi zambiri umakhala ndi kapampu kopopa ndi dzanja pamwamba pake, ndipo mkati mwa kapampuko muli labala ndi timavavu tiwiri. Labalayo ikauma imachita ting'alu. Aluminiyamu wa mutuwo naye amang'aluka pamene pamalowa bawuti ngati wina anamanga ndi mphamvu zonse, mazinga a kabawuti kotulutsira mpweya amadyeka, ndipo mawashala amkuwa amene agwiritsidwa ntchito kasanu amauma gwa, osatsekanso. Tsono ngati mutuwo uli kumbali imene dizilo amakokedwa, pobooka sipadontha kanthu. M'malo motulutsa dizilo, pamayamwa mpweya. Mwini galimoto amasuzumira pansi, amaona pouma, n'kutsimikiza kuti mapaipi ali bwino. Zizindikiro zake ndi zodziwika kwa dalaivala aliyense wa lole yakale: m'mawa injini imavuta kulira mpaka mutapopa, kapena imalira kamphindi n'kuzima, chifukwa usiku dizilo wabwerera ku thanki, pamalo athyathyathya imayenda bwino, koma ikangoyamba chitunda ndi katundu imatsamwa, popeza apo ndi pamene injini imakoka mafuta kwambiri ndipo mpweya nawo umalowa wambiri. Dera limene msewu wake uli wokwera ndi kutsika ngati kummwera kwa Thyolo limaulula matendawa msanga kuposa chigwa. Kuyesa kwake n'kotsika mtengo: kachidutswa ka paipi yoonekera mkati kalumikizidwe kwa kanthawi pakati pa fyuluta ndi pampu. Ngati muli thovu loyenda, mpweya ukulowa, ndipo kusuntha kapaipiko kukaika fyuluta isanafike kudzaonetsa ngati wolakwa ndi mutuwo kapena paipi yochokera ku thanki. Manozo ambiri asinthidwa, mabatire ndi masitata ambiri apsa, chifukwa cha labala ya ndalama zochepa.

Madzi nawo ali ndi makomo ambiri. Thyolo ndi dziko la mvula ndi nkhungu, ndipo ngakhale mvula itatha, chiperoni chimabwera ndi mawawa ake m'miyezi yozizira. Thanki yosadzaza imapuma mpweya wachinyezi umene umasanduka madontho usiku, koma ndinene moona kuti madzi a njira imeneyi ndi ochepa poyerekeza ndi olowera pa chitsekerero chotha labala, kapena pa nsanza ndi pulasitiki zimene ena amatsekera thanki chitsekerero chikatayika. Ochuluka zedi amabwera ndi migolo ndi zigubu. Mafuta a dziko lino amayenda ulendo wautali kuchokera ku Beira, ku Nacala ndi ku Dar es Salaam, ndipo akasowa, monga zinachitikira mu 2011 ndi 2012 komanso mobwerezabwereza kuyambira 2022, mwini lole wakumudzi amagula paliponse pamene wapeza. Mgolo woimika panja umasunga madzi amvula pamwamba pake, ndipo ukazizira umawayamwira mkati kudzera pa chitsekerero. Lita imodzi ya dizilo imalemera pafupifupi magalamu 840 pamene ya madzi ndi 1,000, choncho madzi amakhala pansi, ndipo pamalire a madzi ndi dizilo pamamera tizilombo timene timapanga utope wakuda wonanda umene umatseka fyuluta yatsopano m'masabata ochepa.

Kulemera kwa madziku ndi kumene kumapangitsa kuti kuwachotsa kukhale kosavuta, ndipo mfundo yanga yagona pamenepa. Mafyuluta ambiri a dizilo ali ndi kotsegulira pansi pake kotayira madzi. Ntchitoyo ndi ya mphindi imodzi. Koma ngati kuti mufike pa kotsegulirako muyenera kupendeketsa kabini, kuchotsa mpando, kapena kupisa dzanja pafupi ndi chitsulo chotentha, ntchito ya mphindi imodziyo sigwiridwa, makamaka m'nyengo yothyola tiyi kuyambira Disembala mpaka Epulo pamene lole imanyamuka kusanache. Palibe chifukwa chodzudzulira dalaivala; munthu amasamala chimene akuchiona. Galimotozi zinabwera ndi nyali ya pa dashibodi yochenjeza za madzi, koma pa malole a zaka makumi awiri kapena atatu waya wake anaduka kalekale, mwina fyuluta inasinthidwa ndi ina yopanda malo a sensa. Chotchera madzi chokhala ndi kambale koonekera mkati, chomangidwa pa chasisi pamene munthu amadutsa akamayang'ana matayala, chimalankhula chokha. Mzere wa madzi ukaoneka pansi pa dizilo, ngakhale mnyamata wothandiza dalaivala amadziwa chochita. Alimi amene agwirapo Massey Ferguson akale akuidziwa bwino nzeru imeneyi, chifukwa mitu ya mtundu wa CAV yokhala ndi kambale kagalasi, ndi fyuluta yake yotchuka ya nambala 296, yakhala ikugwira ntchito m'minda kwa zaka zambiri, ndipo fyulutayo ndi imodzi mwa zosavuta kupeza m'masitolo a zipangizo.

Ena adzati amene anapanga galimoto ankadziwa chimene ankachita, ndiye makaniko wa pa Thyolo ndani kuti asinthe? Funsoli ndi lolemera ndithu, ndipo safunsa anadya phula. Koma akatswiri a ku Japan ankapangira galimotozo dziko la misewu ya phula ndi mafuta a pa filing'i siteshoni, kumene galimoto imapita ku garaja pa nthawi yake n'kugulitsidwa isanakalambe. Sanaganizire za chigubu. Komanso makampani monga Racor, Fleetguard ndi Donaldson amapanga mitu yomangira patali ndi injini pa chifukwa chomwechi, ndipo malole akuluakulu ambiri amatuluka m'fakitale ali nayo kale pa chasisi. Chimene wopanga galimoto anasankha ndipo chiyenera kulemekezedwa ndi kusefa kwa fyuluta yomaliza. Pachifukwa ichi njira yabwino kwambiri ndi kuisiya fyuluta yoyambirira, imene inabwera ndi galimoto, pamalo pake ndi mutu watsopano, n'kuwonjezera ina patsogolo pake, pakati pa thanki ndi kapampu kokoka, yosefa mamaikoloni 30 kapena 10 ndi kutchera madzi. Kusamutsiratu yoyambirirayo kukhale pamene mutu wake sukupezekanso kapena malo ake ndi osafikirika, ndipo yolowa m'malo isakhale yosefa mopepuka kuposa yakaleyo.

Chitsutso chachiwiri ndi champhamvu kuposa choyambacho: mfundo iliyonse yowonjezera pa paipi ndi khomo latsopano la mpweya. N'zoona, ndipo malole ena avutika kwambiri atasamutsidwa fyuluta kuposa kale. Koma tikaunika ntchito zolepherazo timapeza zolakwa zomwezomwezo. Paipi ya madzi kapena ya pulasitiki wamba imafewa ndi dizilo n'kuphwafuka injini ikamakoka. Paipi yopapatiza kuposa yakale imamana injini mafuta pa chitunda. Ngati yakale inali ya mamilimita 8 kapena 10 mkati, yatsopano ikhale chimodzimodzi. Fyuluta yosefa kwambiri ikaikidwa kumbali yokoka imalemetsa kapampu. Mutu womangidwa pamwamba kwambiri kuposa thanki umathandiza dizilo kubwerera usiku. Waya wokulunga ndi pulayazi sangalowe m'malo mwa kilampu. Mutuwo uime chilili, pakhale mpata pansi wolowetsa botolo ndi wotulutsira fyuluta, utalikirane ndi ekizozi, ndipo mivi yosonyeza polowera ndi potulukira itsatidwe, poti fyuluta yolumikizidwa chafutambuyo sitchera madzi bwino. Pa misewu yafumbi yolowera m'minda ya tiyi, kambale kagalasi kamafuna chishango cha lata kumbali ya tayala, apo ayi mwala umodzi udzathetsa ulendo. Ndipo bulaketi imangidwe pa mabowo amene alipo kale m'mbali mwa chasisi. Kuboola kapena kuwotcherera mlomo wapamwamba kapena wapansi wa chasisi n'kuyambitsa mng'alu pamalo amene amasenza katundu yense. Zonsezi makaniko wophunzira bwino, kaya anadzera ku TEVETA kaya anakulira pa garaja, amazitha tsiku limodzi.

Za ndalama sitingazilambalale. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo pafupifupi chipangizo chilichonse cha galimoto chimachokera kunja. Mwini lole imodzi amene akudikira malipiro a masamba amaona fyuluta yachiwiri ngati mkamwa mwina mofuna kudyetsa. Koma fyuluta yakutsogolo ikamagwira zinyalala zikuluzikulu, yomaliza ija, imene kawirikawiri ndi yodula, imakhalitsa. Choopsa chenicheni pa msika ndi katundu wachinyengo: mitu yopepuka ngati chitini imene mazinga ake amadyeka pomanga koyamba, ndi mafyuluta a bokosi lokongola koma pepala lochepa mkati. Mutu weniweni wochotsedwa pa galimoto yophwasulidwa, utaikidwa malabala atsopano, nthawi zina umaposa watsopano wosadziwika kwawo. Njira imene siyenera kuloledwa ngakhale tsiku limodzi ndi ija yodumphitsa fyuluta, kulumikiza paipi dairekiti ku pampu kuti tingofika. Kutsuka fyuluta ya pepala ndi petulo kapena kuiboola ndi msomali n'chimodzimodzi. Lole imafikadi, koma fumbi lonse la mu thanki limakhala litadutsa mu pampu. Ndikumvetsa chimene chimakankha dalaivala kutero, chifukwa masamba a tiyi akathyoledwa amafunika ku fakitale m'maola ochepa, apo ayi amatentha m'matumba n'kufiira, ndipo fakitale ikhoza kuwakana. Yankho la changu chimenecho ndi fyuluta yapadera m'kabini, sipanala yake, ndi mutu woti munthu akhoza kuufikira ali chiimire m'mbali mwa msewu.

Palinso onena kuti mankhwala ake n'kugula dizilo woyera basi, ndipo kuyang'anira ubwino wa mafuta ndi ntchito ya MERA ndi Malawi Bureau of Standards. Mabungwewo amafika pa depoti ndi pa filing'i siteshoni. Safika mu mgolo wa kuseri kwa nyumba kapena mu thanki ya lole ya zaka 25 imene mkati mwake muli dzimbiri lakelake. Maesiteti akuluakulu monga Satemwa ndi a Eastern Produce akhoza kusunga mafuta mosamala ndi kukonza galimoto pa nthawi yake, koma mwini lole imodzi wonyamula nthochi, nkhuni kapena feteleza alibe mwayi umenewo.

Malire a zonsezi ndi injini zatsopano za common rail, zimene zimakankha dizilo ndi mphamvu yoposa mabaa 1,500 ndipo zimayendetsedwa ndi kompyuta. Pamenepo fyuluta yoyambirira isasunthidwe popanda katswiri, ngakhale kuti chotchera madzi chowonjezera chimathandizabe. Pa malole akale, ntchito ikatha mpweya utulutsidwe pomasula kabawuti ka pamwamba ndi kupopa mpaka dizilo atuluke wopanda thovu, ndipo fyuluta yomaliza isadzazidwe ndi dizilo wa m'chigubu poimanga, chifukwa ena mwa mafutawo amapita ku pampu osasefedwa. Madzi otayidwa m'mawa agwere m'botolo loonekera mkati, osati pansi pamene mvula idzawakokolere ku mtsinje umene anthu amatunga. Botololo likakhazikika kwa mphindi zochepa limanena zambiri: madzi ochuluka mwadzidzidzi amaloza dizilo amene wathiridwa dzulo, ofiirira amaloza dzimbiri la mu thanki, ndipo utope wakuda ukutanthauza kuti thankiyo ichotsedwe ikatsukidwe fyuluta ina isanagulidwe.