Kusankhira Mnzako Buku la Nkhani Zoona

Aliyense amene anayendapo pa msewu wochoka ku Limbe, kudzera pa Bvumbwe mpaka pa boma la Thyolo, naona minda ya tiyi itakuta zitunda zonse, naonanso amayi ndi abambo atabereka madengu, akuthyola masamba awiri ndi nsonga yake mame asanakamuke, akhoza kuyesa kuti dziko lotere lilibe nthawi ya mabuku. Koma kuno anthu anayamba kale kuwerenga, pakuti mishoni ya Malamulo ili ku Makwasa chiyambire 1902, ndipo mphunzitsi wa sukulu ya pa esiteti adziwa kuti limafika tsiku limene kholo la mwana liima pakhomo pake, nilivula chipewa, niliti, "Aphunzitsi, mundibwerekeko buku, koma lisakhale la nthano, ndifuna la zinthu zimene zinachitikadi."

Apa ambiri amaphonya, chifukwa ayesa kuti mutu wa nkhani ndi wokwanira. Tinene kuti wopemphayo ndi kapitawo wa ku Satemwa, esiteti imene Maclean Kay anaiyamba mu 1923, ndipo afuna kudziwa za thangata, limene agogo ake, Alomwe ochokera ku Mozambique, ankalitchula mousa moyo, ndipo silinathe mwalamulo kufikira 1962. Mabuku atatu akhoza kumuyankha, koma sayenda mofanana. A History of Malawi la John McCracken, lotuluka mu 2012, lifotokoza zaka zonse kuyambira 1859 kufikira 1966, ndipo za zipolowe za ku Thyolo za mu 1953 zilimo. Koma mayendedwe ake ndi a munthu wounguza dziko lonse ali pamwamba pa phiri, ndipo liyenera wophunzira wokhala ndi cholembera m'dzanja. Independent African, limene George Shepperson ndi Thomas Price analitulutsa mu 1958, ndi lolemera, la masamba oposa 500, lofufuza umboni uliwonse wa moyo wa John Chilembwe ndi kuwukira kwa mu 1915, kotero kuti wolikonda ayenera kukhala woleza mtima ngati nyakwawa pa bwalo la milandu.

Lachitatu ndilo ine ndikadayamba kumupatsa kapitawoyo, ndilo Magomero la Landeg White, la mu 1987. Chifukwa chake si chakuti liposa anzake pa nzeru, ayi. Koma kuti mlembiyo, m'malo mozungulira dziko lonse, anakhala pa mudzi umodzi, nautsata kuyambira pamene Bishopu Mackenzie anafikapo mu 1861, kupyola zaka zimene Alomwe ankalima thonje ndi fodya pa esiteti ya A. L. Bruce, kufikira masiku a anthu amene iye mwini anacheza nawo. Munthu wa ku Thyolo, ngakhale Magomero si kwawo, akawerenga za banja lopatsidwa malo omangapo nyumba ndi kamunda, koma lendi yake n'kukhala thukuta la miyezi, ndi za nyumba zogwetsedwa mwini wake akakana ntchito, samva ngati akuphunzira mbiri ya alendo, koma ngati wina akumutsimikizira zimene anazimva ali mwana, usiku, pa moto.

Tsono wosankhira mnzake buku achite monga achita wolawa tiyi ku fakitale, amene sakhutira ndi dzina lolembedwa pa thumba, koma amandandalika makapu oyera, nayang'ana mtundu wa madzi, nanunkhiza masamba onyowa, napsontha pang'ono mwaphokoso, nalavula, asananene mtengo wake. Atsegule bukulo pakati, awerenge masamba awiri kapena atatu mokweza mawu, amve ngati nkhani ikuthamanga kapena ikuyenda mwachifatse. Aone ngati mukupezeka anthu a mayina ndi nkhope, oti owerenga awamvere chisoni kapena awakwiyire, kapena mwangodzaza zaka ndi malamulo. Amvetsere liwu la mlembi, ngati ndi la mnzako wokamba nawe kapena la woweruza. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chikuto chokongola ndi mbiri yotchuka zanyenga ambiri. Akatero, ayesenso munthu wake, pomufunsa buku lomaliza limene analiwerenga mpaka kumapeto ndi chimene chinamugwira mtima m'menemo. Pakuti amene wasenza dengu tsiku lonse la m'nyengo ya dzinja, pamene tiyi aphuka kosalekeza, nakhala pa tochi maso akulemera, afunika mitu yaifupi yoti aimalize tulo tisanamugwire.

Komabe tisaderere owerenga, n'kumawapatsa zofewa zokhazokha. William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, anapeza m'kalaibulale ka pa sukulu ya pulaimale buku la sayansi lotchedwa Using Energy. Chingerezi chake chinali chochepa, koma zithunzi zinamutsogolera mpaka anamanga makina opanga magetsi ndi mphepo. Buku lolimba limafewa pamene munthu ali ndi njala ya chimene chili m'katimo.

Chimene chindiwawa mtima ndi chakuti mabuku onse ndatchulawa ali m'Chingerezi, ndipo adzukulu a anthu amene mbiri yawo inalembedwamo ndiwo ali kutali nawo koposa. Samuel Josia Ntara anaonetsa kale, polemba Mbiri ya Achewa, kuti chinenero chathu chikhoza kusenza mbiri yolemera. Koma ndani adzaikira wothyola tiyi nkhani ya thangata m'Chichewa kapena m'Chilomwe? Kufikira tsikulo, mphunzitsi asangopereka Magomero n'kutembenuka, koma achite monga Filipo anachitira mdindo wa ku Aitiopiya, akhale naye pambali Lamulungu masana, amuwerengere mutu umodzi akumasulira, ndipo aitanenso agogo a m'mudzimo, kuti anene pamene mlembi walondola ndi pamene wasiya zina.