Osaka Kuwala kwa Chizimezime

Abale ndi alongo amene mumayenda usiku pa msewu wochoka ku Moatize kupita ku Zóbuè, mwina munaonapo timitambo tiwiri toyera cha kumwera, makamaka usiku wopanda mwezi wa mu Novembala. Mphepo siitisuntha, ndipo sitibweretsa mvula. Timitambo timeneti ndi magulu aakulu a nyenyezi, amene azungu anawatcha dzina la Magellan, mkulu wa zombo uja wa ku Portugal. Makolo athu anatcha mzere woyera wodutsa pakati pa thambo kuti Mlalang'amba, ndipo lero dzina lomwelo timatchulira gulu lililonse lotere. Dzuwa lathu ndi nyenyezi imodzi chabe mu Mlalang'amba wathu, ndipo timitambo tiwirito ndi milalang'amba ing'onoing'ono yoyandikana nafe.

Tikati yoyandikana, mawuwo tiwamve bwino. Kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, komabe kuti kuchoke ku kamtambo kakakuluko kudzafika m'diso la munthu woima pa Zóbuè, kumayenda zaka pafupifupi 160,000. Kochokera ku mlalang'amba wa Andromeda, umene umaoneka ngati kautsi cha kumpoto m'miyezi yomweyo, kumayenda zaka 2.5 miliyoni. Kuwala kwa ulendo wotere kumafika kutatheratu mphamvu, ndipo zambiri za m'mphepete mwa milalang'amba diso silingazione mpang'ono pomwe. Pali anthu wamba m'maiko osiyanasiyana, aphunzitsi, amisiri ndi opuma pa ntchito, amene anasankha kuthera usiku wawo akujambula zinthu za chizimezime zimenezi, popanda wowalemba ntchito kapena wowalipira.

Chinsinsi cha ntchito yawo n'chosavuta kumva kwa aliyense amene anatcherapo chidebe pansi pa denga lodontha. Diso la munthu silisunga kuwala. Limaona za kanthawi komweko n'kuiwala. Koma kamera ikasiyidwa yotsekula, imasonkhanitsa kuwala dontho ndi dontho. Popeza dziko limazungulira, nyenyezi zimaoneka zikuyenda kulowera kumadzulo, choncho telesikopu imaikidwa pa chipangizo chimene chimatembenuka pang'onopang'ono kutsata nyenyezizo. Wojambula amatenga chithunzi cha mphindi zisanu kapena khumi, kenaka china, kenaka chinanso, mpaka zikwane mazanamazana. Pomaliza kompyuta imazisanjikiza pamodzi. Timadontho tachabechabe timene kamera imapanga yokha timagwera malo osiyana pa chithunzi chilichonse, motero timafafanizana. Koma kuwala kwenikweni kumagwera malo amodzimodzi nthawi zonse, motero kumakula.

Masamu ake ndi ouma mtima. Kuti chithunzi chiyere kawiri, pafunika nthawi yochuluka kanayi. Amene wajambula maola 10 ndipo akufuna kuona kawiri kuposa pamenepo ayenera kufika maola 40. M'chaka cha 2013 Rolf Olsen wa ku New Zealand anasonkhanitsa maola 120 pa mlalang'amba umodzi wokha wotchedwa Centaurus A, umene kuno kwathu umakwera bwino pamwamba madzulo a mu Meyi ndi Juni. Apa ndi pamene munthu wamba amaposera katswiri. Matelesikopu aakulu a m'mayunivesite ali ngati chigayo chimodzi cha mudzi wonse: aliyense amadikira pa mzere, napatsidwa maola owerengeka. Mwini katelesikopu kakang'ono alibe womuthamangitsa.

Nanga amafunafuna chiyani? Tiyerekeze munthu amene wakweza thumba la chimanga lobooka pa njinga. Iye atapita kale, mzere wa njere umatsala m'njira, ndipo wodziwa kulondola angathe kunena kumene njingayo inachokera ndi kumene inakhotera. Kamlalang'amba kakang'ono kakayandikira waukulu, mphamvu yokoka ya waukuluwo imakang'amba pang'onopang'ono, ndipo nyenyezi zake zimatayikira m'njira imene kakudutsa. Mizere imeneyi ndiyo mbiri ya mmene milalang'amba ikuluikulu inakulira pomeza ing'onoing'ono. Imazimirira kwambiri kotero kuti thambo lenilenilo la usiku limawala kuposa iyo.

Nkhani ya mlalang'amba wotchedwa NGC 5907 ndi yofunika kuikhalira pansi. Mu 2008, wojambula wamba wa ku America, R. Jay GaBany, pamodzi ndi katswiri wa ku Spain, David Martínez-Delgado, anatulutsa chithunzi chotengedwa ndi telesikopu ya theka la mita. Chinaonetsa mzere wa nyenyezi utazungulira mlalang'ambawo kawiri, ngati nkhata ziwiri zolowana. Chithunzicho chinatchuka, ndipo kwa zaka zoposa khumi anthu ankachigwiritsa ntchito pofotokoza za mizere yotere. Mu 2019 gulu la Pieter van Dokkum linajambula malo omwewo ndi chipangizo chotchedwa Dragonfly, chimene ndi magalasi ambiri a kamera omangidwa pamodzi. Mzere anaupeza ndithu, ndipo wautali kuposa mmene unkadziwikira, koma nkhata yachiwiri ija sanaipeze. Gulu lina la akatswiri litajambulanso, nalonso linapeza mzere umodzi.

Sitikunena kuti wina ananama. Vuto lili m'ntchito yeniyeniyo. Kuti chinthu chozimirira chioneke, wojambula amakweza kuwala kwa chithunzi pa kompyuta mwamphamvu, ndipo pokweza chenichenicho amakwezanso kachilema kalikonse: kafumbi pa galasi, kuwala kobwerera m'kati mwa telesikopu, kapena fumbi lopyapyala la mu Mlalang'amba wathu womwe limene lili pakati pa ife ndi chinthucho. Onjezanipo mtima wa munthu amene wagona panja milungu yambiri ndipo akulakalaka kuti kuvutika kwake kubale kanthu. Ife amene timakhala pa milandu ya mu mpingo tikudziwa kuti mboni imodzi, ngakhale yokhulupirika, siimaliza nkhani. Nawonso a zakuthambo salandira chinthu mpaka telesikopu ina, ya munthu wina, pa malo ena, itachiona.

Umu ndi mmene anachitira Marcel Drechsler, Xavier Strottner ndi Yann Sainty. Mu 2022 Sainty anajambula Andromeda ali ku France kwa maola oposa 100, ndi katelesikopu ka galasi la masentimita 10 okha, ndipo ena mwa maolawo anajambula kudzera m'sefa yolola kuwala kwa mpweya wa okosijeni kokha. Pambali pa mlalang'ambawo panaoneka uta waukulu wobiriwira. Tangoganizani: Andromeda wakhala akujambulidwa kuyambira zaka za m'ma 1880, ndipo palibe amene anauonapo utawo. Atatuwa sanathamangire kulengeza. Anayamba apempha ena kuti ajambule ndi zipangizo zina, ndipo utawo utaonekanso, nkhani inatuluka mu Januwale 2023. Ngakhale zinatero, funso lina linatsala: kodi utawo ndi wa Andromeda? Akatswiri amene anauyeza pambuyo pake akuti uli m'kati mwa Mlalang'amba wathu, ndipo wangopezeka kutsogolo kwa Andromeda monga mtengo wa pakhomo umaonekera pamodzi ndi phiri lakutali.

Tikudziwa kuti ena mwa akulu athu sakhazikika mtima akamva za kuyang'ana nyenyezi, poganiza za openda mwayi a m'nyuzipepala. Openda aja amati nyenyezi zimalamulira ukwati ndi malonda a munthu, pamene anthu amene tikuwakamba pano amangoyeza ndi kujambula. Mmodzi wa odziwika kwambiri pakati pawo anali mbusa, Robert Evans wa mpingo wa Uniting Church ku Australia, amene anamwalira mu 2022. Iye analoweza pamtima maonekedwe a milalang'amba yoposa 1,000, kotero kuti kanyenyezi kachilendo kakaonekamo ankakazindikira msanga, ndipo anapeza nyenyezi zophulika 42 ndi diso lake pa telesikopu. Kuno ku Africa kuli Berto Monard wa ku South Africa, amene ndi kamera ndi telesikopu ya pakhomo pake wapeza nyenyezi zophulika zambiri, ndipo mu Meyi 2008 anagwira kuphulika kwachilendo mu mlalang'amba wa NGC 300.

Tsono tibwere kwathu kuno. Chinthu chimene ojambulawa amachisowa koposa ndi mdima. M'mizinda ya ku Ulaya magetsi anaphimba thambo, mwakuti ana ambiri amakula osauona Mlalang'amba. N'chifukwa chake ena amalipira ndalama zambiri kukaika matelesikopu awo m'mafamu a ku Namibia, nawayendetsa pa intaneti ali kwawo. Ife mdimawo tili nawo, koma osati ponseponse. Chiyambire 2011, pamene migodi ikuluikulu ya malasha inayamba kutulutsa katundu, Moatize sagona. Magetsi a pa mgodi ndi a m'tauni amaunikira fumbi la m'mlengalenga, ndipo thambo limafiira. Ntchito ndi magetsi tikuzifuna ndithu, ndipo palibe mayi amene angasinthanitse nyale ya mwana wake wowerenga ndi nyenyezi. Komabe nyale yovundikiridwa pamwamba, yolunjika pansi, imaunikira bwalo bwino lomwe popanda kutaya kuwala kumwamba, ndipo ngakhale ife pa makomo a matchalitchi athu tingathe kuyambira pamenepo.

Ku Zóbuè, makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Moatize, malo ndi okwera, ndipo munthu akangopatuka pang'ono kusiya magalimoto a pa chipata cha malire, thambo limada bii. Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Julayi, mvula itatsuka mlengalenga. Kuyambira Ogasiti utsi wa moto wa m'tchire umasokoneza, kufikira mvula yoyamba itagwa. Mnyamata kapena mtsikana amene ali ndi foni yotha kujambula usiku angathe kuitsamiritsa pa njerwa, osaigwedeza kwa masekondi 10 kapena 15, ndipo Mlalang'amba udzaoneka pa chithunzi mowala kuposa mmene diso limauonera. Mizere ya nyenyezi ija siingagwidwe ndi foni, koma njira yosanjikiza zithunzi ndi yomweyo, ndipo mapulogalamu ake ena ndi aulere.

Chenjezo limodzi tisalilambalale. Munthu woima kuthengo pakati pa usiku ndi chipangizo chachilendo amadzutsa mafunso. Sitinaiwale za 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje, ku Phalombe ndi madera ena a kumwera kwa Malawi. Wofuna kujambula thambo ayambe wadziwitsa amfumu ndi akuluakulu a dera, apite ndi anzake, aitane oyandikana nawo kuti adzaone okha zimene zili pa chithunzi, ndipo asaloze kamera ku chipata cha malire.

Palinso khomo lina la amene alibe telesikopu. Zithunzi zambiri za matelesikopu aakulu zinaikidwa pa intaneti kuti aliyense azione mwaulere, ndipo ndi zochuluka kuposa maso a akatswiri. Mu 2007 mphunzitsi wa ku Netherlands, Hanny van Arkel, akuthandiza kusanja zithunzi zotere, anafunsa za kabanga kachilendo pambali pa mlalang'amba wina. Kanapezeka kuti ndi mtambo waukulu wa mpweya wowala, ndipo lero umatchedwa ndi dzina lake. Giuseppe Donatiello wa ku Italy, pofufuza zithunzi zotengedwa ku Chile, anapeza timilalang'amba titatu tozimirira timene makompyuta anatidumpha, ndipo tinalengezedwa mu 2021. Titatu tonseti tili cha kufupi ndi NGC 253, mlalang'amba umene madzulo a mu Novembala umadutsa pafupifupi pamutu penipeni pa anthu a ku Moatize ndi ku Zóbuè.