BALA LALING'ONO LISATINAMIZE: ZA OPALESHONI YA NDULU



M'mwezi wa Shaabani mayi ena, amene ana awo amaphunzira pa madrasa pathu, adandifunsa kuti: "Shehe, andichotsa ndulu sabata yathayi, koma timabala take n'tating'ono. Kodi ndimange nawo Ramadhani?" Funso limeneli ndilo landilembetsa nkhaniyi.

Ndulu ndi kathumba kokhala kunsi kwa chiwindi, kosunga madzi owawa othandiza kugaya mafuta. M'kathumbamo mukamera timiyala, munthu amamva ululu kumanja kunsi kwa nthiti, makamaka akadya zonona. Kale madokotala ankang'amba pamimba bala lalikulu. M'chaka cha 1985 dokotala wa ku Germany, Erich Mühe, adayamba kuchotsa ndulu mosang'amba. Lero amaboola timabowo, kawirikawiri tinayi, kupopera mpweya m'mimba, kulowetsa kamera, n'kutulutsa ndulu ija.

Alhamdulillah, ambiri amachira bwino. Amatuluka m'chipatala tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, ndipo pakatha masabata awiri amayambanso ntchito zopepuka, pomwe wong'ambidwa amatha kudikira masabata 6. Chiwindi sichileka kupanga madzi aja, choncho munthu amakhala bwinobwino popanda ndulu. Phewa likamawawa masiku oyamba, ndi mpweya uja, ndipo limaleka lokha. Ena amatsegula m'mimba kwa kanthawi.

Komatu zovuta zilipo. Choopsa kwambiri ndi kuvulala kwa njira yotenga madzi a ndulu kuchokera kuchiwindi kupita kumatumbo. Izi zimagwera anthu pafupifupi 3 mpaka 5 mwa 1,000 alionse, ndipo kawirikawiri pamafunika opaleshoni ina. Nthawi zina madziwo amadonthera m'mimba, kamwala kamatsalira m'njiramo, magazi amatayika, kapena bala limachita mafinya. Dokotala akaona kuti m'kati simukuoneka bwino amang'amba ndithu. Kumeneko si kulephera ayi, koma kusamala moyo.

Tsono maso akachita chikasu, thupi likatentha, mimba ikatupa kapena kupweteka mowonjezereka, kapena wodwala akamasanza osaleka, thamangirani naye kuchipatala. Musadikire kuti kuche.

Mayi aja ndidawayankha kuti: "Mayi, timabalato n'tating'ono kunja kokha, m'katimu adula chiwalo. Kafunseni dokotala kaye." Sura ya Al-Baqarah, ndime 185, ikuloleza wodwala kudzabweza masiku ake akachira, ndipo amene sijida ikumupweteka aswali chokhala. Thupi ndi amana imene Allah adatisungitsa. Tisalizunze poopa maso a anthu.

Allah achize odwala athu onse. Ameen.